Mlandu Suwola: Kuwerenga Bessel van der Kolk Tili ku Katete

Buku la Bessel van der Kolk lotchedwa The Body Keeps the Score linatuluka mu 2014, koma linadzatchuka kwenikweni m'nthawi ya Covid-19, pamene anthu a ku America ndi ku Ulaya anadzitsekera m'nyumba n'kuyamba kumvetsera mitima yawo ikugunda. Kuno kwathu lafika mochedwa ndiponso mobenthukabenthuka: wina waona kavidiyo pa Facebook, wina watumiziridwa mutu umodzi pa WhatsApp, wina wangomva dzina lake pa maphunziro a bungwe. Mfundo yake ndi yakuti munthu akakumana ndi zoopsa, kaya nkhondo, kugwiriridwa, ngozi kapena nkhanza za paubwana, chimene chachitikacho sichikhala m'maganizo mokha. Chimakhazikika m'mapumidwe, m'minofu, m'tulo ndi m'mimba. Choncho kuchiza munthu wotere ndi mawu okha n'kosakwanira. Thupi nalo liyenera kuphunzitsidwa kuti zoopsazo zinatha.

Mchewa akamva zimenezi amamwetulira, n'kufunsa kuti, "Si zimene makolo ankachita kale izi? Ng'oma, gule, kulira maliro?" Funsoli ndi lokoma m'khutu ndipo lili ndi choonadi chake. Koma limatithamangitsa kutseka buku tisanaliwerenge, ndiponso limatitseka maso kuti tisaone anthu ena a m'midzi yathu amene ng'oma sinawachizepo. Ndili ndi mkangano ndi zonse ziwiri, bukulo ndi kumwetulira kwathuko.

Pamene bukuli lili ndi mphamvu m'pofotokoza zimene zimachitika m'thupi. Van der Kolk anabadwira ku Netherlands mu 1943, nkhondo ili mkati, ndipo anadzakhala dokotala wa matenda a maganizo ku Boston. Mu 1978 anayamba kugwira ntchito ndi asilikali amene anamenya nkhondo ku Vietnam, nthawi imene vuto lawo linalibe dzina lovomerezeka. Dzina lakuti PTSD linalowa m'buku lalikulu la madokotala a ku America mu 1980. Iye akufotokoza kuti mu ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala. Ine ndimakayerekeza ndi galu wa pakhomo, amene akanunkhiza choopsa amauwa mwininyumba asanadzuke n'komwe. Galuyo akauwa, thupi limatulutsa adrenaline ndi cortisol, mtima umathamanga, magazi amapita m'miyendo ndi m'manja kuti munthu athawe kapena amenye. Zonsezi zikakanika, thupi limangouma. Kwa anthu ambiri galuyo amagonanso choopsa chikapita. Kwa ena sasiya kuuwa kwa zaka, moti chitseko chikamenyeka, kapena akamva fungo la mowa umene womuzunza ankamwa, munthuyo amabwerera tsiku lomwe lija ndi thupi lonse. Pa kafukufuku wina wa m'ma 1990, wa anthu 8 okha, van der Kolk ndi anzake anaona kuti munthu akamakumbutsidwa zoopsa, mbali ya ubongo yothandiza kupanga mawu imazirala. Apa m'pamene akuchotsa mfundo yakuti kufunsa munthu kuti "fotokoza zimene zinachitika" nthawi zina kuli ngati kupempha wothyoka mwendo kuti athamange.

Wowerenga wa Chinyanja savutika kukhulupirira zimenezi, chifukwa chilankhulo chathu sichinalekanitsepo maganizo ndi thupi. Timati mtima uli m'mwamba, mtima wasweka, mtima wakhala pansi. Timati ndazizira nkhongono, m'kamwa mwauma, thupi lachita tsemwe, m'mimba mwabwadamuka. Mayi amene mwamuna wake wamusiya ndi ana asanu sapita kuchipatala n'kunena kuti ali ndi chisoni. Amati mutu ukuwawa, pachifuwa pakulemera, tulo sakuona, ndipo namwino wodziwa ntchito amamva zimene zili kuseri kwa mawuwo. Zimene van der Kolk akulimbana nazo kwa masamba oposa 400, kuti akhutiritse madokotala anzake, mwana wa ku Kagoro amazinena m'chiganizo chimodzi osadziwa kuti wanena zakuya.

Vuto limayamba bukuli likachoka pofotokoza matenda n'kufika pa mankhwala. Gawo lake lomaliza likuyendera njira zosiyanasiyana: yoga, EMDR, makina ophunzitsa ubongo, zisudzo ndi zina. Kalembedwe kake ndi kofanana pafupifupi m'mitu yonse. Timaona wodwala amene zonse zamukanika, kenako dokotala akupeza njira yatsopano, kenako wodwalayo akupuma mozama kwa nthawi yoyamba. Aliyense amene anakhalapo pa msonkhano wa chitsitsimutso amaudziwa mtundu umenewu wa nkhani: ndi umboni. Umboni umakoka mtima, koma umabwera ndi amene anachira basi. Amene anabwerera kwawo momwemo saitanidwa kutsogolo.

Tikafuna manambala, timapeza kuti alipo koma ndi ochepa. Kafukufuku wa van der Kolk wa yoga, amene anasindikizidwa mu 2014, anali wa amayi 64 kwa masabata 10, ndipo pafupifupi theka la amene anachita yoga anapeza bwino ndithu, poyerekeza ndi mmodzi mwa asanu m'gulu linalo. Zimenezi n'zolimbikitsa, koma amayi 64 sangadzaze ngakhale tchalitchi chaching'ono cha pamudzi. Njira ya Somatic Experiencing ya Peter Levine, amene van der Kolk amamuyamikira kwambiri, inayesedwa mwadongosolo ku Israel pa anthu 63, zotsatira zake n'kutuluka mu 2017, patapita zaka 20 chitulukire buku lake la Waking the Tiger mu 1997. Maganizo a Stephen Porges okhudza mtsempha wa vagus, amene aphunzitsi ambiri a njirazi amawalalikira ngati lamulo, akatswiri ena a kagwiridwe ntchito ka thupi amawatsutsa. Ndipo Richard McNally wa ku Harvard wakhala akukana kwa zaka zambiri mfundo yakuti thupi lingasunge chinthu chimene munthu sakuchikumbukira n'komwe. Bukuli limalankhula molimba mtima kuposa mmene umboni wake ukulolera.

Levine anamanga njira yake pa chithunzi chimodzi, ndipo n'chithunzi cha ku Africa. Nswala ikathamangitsidwa ndi chilombo n'kugwidwa, imagwa n'kuuma ngati yafa. Chilombocho chikasokonezedwa n'kuchoka, nswala imadzuka, imanjenjemera thupi lonse, kenako imabwerera kukadya msipu ngati palibe chachitika. Levine akuti munthu amadwala chifukwa amaletsa kunjenjemera kumeneko, ndiye mphamvu yothawira imatsekeredwa mkati. Pochiza, wodwala amakhala pansi ndi mlangizi, n'kumamvetsera thupi lake pang'onopang'ono, kuyandikira pamene pakupweteka n'kubwereranso pamene pali bata, mpaka thupi litatulutsa lokha zimene linasunga, mwa kunjenjemera, kutentha kapena kupuma mozama. Chithunzichi n'chokongola, ndipo aliyense amene anafikapo ku Luangwa angachione m'maso. Koma nswala siyenera kukumana ndi chilombocho m'mawa pa mjigo n'kuchipatsa moni. Siyenera kuchiphikira nsima. Ndibwereranso pa mfundo imeneyi.

Africa imaonekeranso m'buku la van der Kolk, ndipo mmene imaonekera m'pamene pandisowetsa mtendere. Iye akusimba kuti mu 1997, akutsatira ntchito ya komiti ya choonadi ndi chiyanjano ya ku South Africa, anakhala nawo pa gulu la amayi ogwiriridwa pafupi ndi Johannesburg. Amayiwo anali zyolizyoli, mpaka mmodzi anayamba kung'ung'udza nyimbo, ena n'kulandira, ndipo posakhalitsa onse anali kuvina nkhope zitawala. Nkhaniyi imatenga ndime imodzi. Sitiuzidwa kuti nyimboyo inali ya chilankhulo chanji, inkanena chiyani, kapena kuti amayiwo anagona bwanji usiku umenewo ndi mwezi wotsatira. Odwala ake a ku Boston ali ndi mbiri, mabanja ndi zaka za chithandizo. Amayi a ku Johannesburg ndi chithunzi chongotsimikizira mfundo, monga nswala ija. Wolembayo anaona chinthu chenicheni, koma sanakhale nthawi yokwanira kuti afunse chimene chimachititsa kuti nyimbo igwire ntchito, ndi pamene imalephera.

Amene anakhala n'kufunsa alipo, ndipo anafunsa m'chilankhulo chathu chomwechi. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 October 1992, sinalemekeze malire. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zigawenga zinkaoloka n'kuukira midzi ya m'malire m'chigawo cha Kum'mawa: ku Chadiza, kumene Vubwi inali mbali yake kufikira mu 2012, ndiponso kum'mwera kwa Katete ndi Petauke, maboma amene anadulidwa kuti pakhale Sinda. Othawa nkhondo ambiri anasamutsidwira ku Ukwimi kuyambira mu 1987, ndipo ku Malawi anapitirira 1 miliyoni. Harri Englund, katswiri wa chikhalidwe cha anthu wochokera ku Finland, anakhala pakati pa anthu olankhula Chichewa m'malire a Dedza ndi Angónia nkhondoyo ikutha. Mu 1998 analemba kuti chimene chinkasautsa othawa ambiri ndi akufa awo amene sanaikidwe mwamwambo, amene anasiyidwa m'tchire kapena kukwiriridwa mothamanga. Anaona kuti mpumulo unkabwera kudzera m'maliro ochitidwa bwino ndi m'miyambo yochotsa mizimu yovutitsa, zinthu zimene thupi limachita popanda kufotokoza zambiri, ndipo anati othandiza angachite bwino kuonetsetsa kuti anthu ali ndi zowayenereza kuika akufa awo. Ananena zimenezi zaka 16 buku la van der Kolk lisanatuluke, ndipo sizinafike pa mndandanda wa mabuku ogulidwa kwambiri.

Tayang'anani maliro a pamudzi ndi maso a munthu wowerenga bukuli. Uthenga ukafika kwa amfumu, mudzi wonse umasiya khasu. Amayi amalowa m'nyumba ya siwa n'kukhala mothinana, mwendo kukhudza mwendo, ndipo namfedwa sasiyidwa yekha ngakhale popita kuseri. Wolira amaloledwa kulira mokweza, kudzigwetsa, kugwiridwa m'chiuno ndi amayi awiri. Aliyense wofika kumene amayambitsanso kulirako, moti chisoni chimabwera ngati mafunde, chimakwera n'kutsika, m'malo mogwa kamodzi. Usiku makwaya amasinthana, ndipo munthu amene akuimba sangapume mothamanga. Nyimbo imamukakamiza kutulutsa mpweya pang'onopang'ono, chinthu chimene alangizi a ku Boston amaphunzitsa ndi wotchi m'manja. Adzukulu amakumba manda, amanyamula, amaseka pamene ena sangaseke. Kuno ku Zambia tilinso ndi chimbuya: Mbemba amafika pa maliro a munthu wa Kum'mawa n'kupaka ofedwa ufa, kuwanyoza ndi kuwalipiritsa, mpaka wamasiye amene sanadye masiku awiri aseke mosafuna. Pambuyo pake pamabwera kumeta, ndipo pakapita miyezi amafulula mowa wa chikumbutso. Ngati womwalirayo anali wa kudambwe, zilombo zimatuluka, mbalule imalira, ndipo Kasiyamaliro amamuperekeza. Pamenepa nyama ya m'tchire yaleka kukhala chitsanzo cha m'buku. Yabwera yokha pabwalo kudzatenga munthu.

Inde, pali kufanana. Koma tikangoti "n'chimodzimodzi" tataya zofunika. M'chipinda cha mlangizi funso lalikulu ndi lakuti, "Mukumva chiyani m'thupi panopa?" Pa maliro palibe amene amafunsa zimenezo. Namfedwa sauzidwa kuti adziyang'ane mkati. Amanyamulidwa ndi matupi a ena mpaka lake litayambanso kuyenda. Chisoni chimapatsidwa malire a nthawi, ndipo tsitsi likamamera aliyense amaona ndi maso kuti miyezi yapita. Ndiponso zonsezi ndi ngongole. Maliro n'kulirana: amene sapita kwa anzake adzakumba yekha. Chithandizo chimenechi sichigulidwa ndi ndalama pa ola, koma sichaulere. Chimalipidwa ndi chimanga, nkhuni, nkhuku ndi masiku a ntchito, kwa moyo wonse. Munthu amene akuganiza zochichotsa pamudzi n'kuchiika m'kabuku ka maphunziro a masiku atatu adzatenga nyimbo n'kusiya ngongoleyo, ndipo ngongoleyo ndiyo imagwira denga.

Pali chinanso, ndipo ndicho chimene kumwetulira kwathu kumabisa. Maliro amachiza chifukwa palibe amene amakana kuti munthu wafa. Mtembo ulipo, manda alipo, mudzi wonse wavomereza kuti namfedwa walandidwa. Bwalo limadziwa kunyamula bala limene aliyense akuliona.

Nanga mtsikana wa zaka 13 amene wagwiriridwa ndi bambo womupeza, kapena ndi malume amene amamulipirira sukulu? Iye alibe siwa. Palibe kwaya imene idzabwera kudzagona pakhomo pake, palibe kumeta, palibe tsiku limene mudzi udzati chisoni chatha, chifukwa mudzi sunavomereze kuti chinayamba. Nkhani ikadziwika, kawirikawiri imakambidwa ndi akuluakulu a banja, mbuzi kapena ng'ombe imaperekedwa kwa makolo, ndipo mwanayo amauzidwa kuti za m'nyumba saulula. Ng'oma ikalira pabwalo imaitana aliyense, ndipo womulakwirayo amakhala pomwepo, mwina ndiye akuomba. Lamulo lilipo: la nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi la 2011, la ana la 2022, ndi kusintha kwa lamulo la ukwati kwa 2023 kumene kunaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ngakhale wa mwambo. Apolisi ali ndi nthambi ya Victim Support Unit, ndipo Kalonga Gawa Undi wakhala akudzudzula maukwati a ana ndi miyambo monga ya fisi. Koma pakati pa lamulo ndi thupi la mwanayo pali mtunda, ndipo mwambo wa bwalo suuyenda.

Apa ndiye van der Kolk akutiposa, ndipo tiyenera kuvomereza. Mitu yamphamvu kwambiri ya buku lake si ya asilikali. Ndi ya ana ozunzidwa ndi anthu amene ankayenera kuwateteza, ana amene amakula osadziwa kusiyanitsa dzanja losisita ndi dzanja lomenya. Iye akuonetsa kuti mwana wotere amaphunzira kuchoka m'thupi mwake, kusamva njala, kusamva kupweteka, ndipo akakula amatchedwa wamwano, waulesi kapena wachiwerewere. Mphunzitsi aliyense wa ku Vubwi kapena ku Nyanje amene angawerenge mitu imeneyi adzakumbukira nkhope ya mwana wina wa m'kalasi mwake. Chipinda chotseka chitseko, chimene timachiseka kuti n'chachizungu, n'chimene mwana ameneyu akufunika, chifukwa ndi malo okhawo amene malume sangalowemo.

Wina anganene kuti tili nayo njira ya mabala obisika: mashawe, kapena vimbuza ya anzathu Atumbuka a ku Lundazi ndi kumpoto kwa Malawi, imene UNESCO inailemekeza mu 2005 pamodzi ndi Gule Wamkulu. Steven Friedson analemba za vimbuza m'buku la Dancing Prophets la 1996, ndipo amene amafuna kudziwa mmene ng'oma imagwirira thupi apeza zambiri mmenemo kuposa m'ndime ija ya ku Johannesburg. N'zoona kuti ogwidwa mashawe ambiri ndi amayi, ndipo kuvina kumawapatsa usiku umodzi umene mudzi wonse umawatumikira, kuwaombera m'manja ndi kuwagulira zimene mzimu wapempha. Emmanuel Milingo, mwana wa kwa Mnukwa ku Chipata, ataona kuchuluka kwa odwala otere anayamba kuwapempherera ku Lusaka mu 1973 ali bishopu wamkulu, ndipo makamu amene ankabwera anali aakulu moti mu 1982 anaitanidwa ku Rome. Njala ya chithandizo chogwira thupi ndi yakale pakati pathu. Koma taonani chimene mashawe amachita ndi dzina la wolakwa. Mayi amanjenjemera, amagwa, amabwebweta, ndipo chimene chimatchulidwa ndi mzimu. Mwamuna amene amamumenya amagula nsalu ndi nkhuku, amayamikiridwa kuti wasamala mkazi wake, ndipo onse amabwerera kunyumba yomweyo. Thupi lapumula, koma chaka chamawa ng'oma idzafunikanso. Sindikunyoza mpumulowo, kwa munthu wopanda kothawira, usiku umodzi ndi waukulu. Ndikungoti njira ya thupi, kaya ya ku Boston kaya ya kwathu, ingathandize munthu kupirira chinthu chimene chinayenera kuthetsedwa.

N'chifukwa chake kafukufuku amene ndimamuona wofunika kwambiri kwa ife sali m'buku la van der Kolk. Anachitikira ku Lusaka, ndipo anasindikizidwa mu 2015 ndi Laura Murray wa ku Johns Hopkins pamodzi ndi anzake a ku Zambia. Ana 257 a zaka 5 mpaka 18, amene anakumana ndi zoopsa, anagawidwa pawiri. Ena analandira chithandizo chotchedwa TF-CBT kuchokera kwa alangizi wamba ophunzitsidwa, osati madokotala. Zizindikiro zawo zinatsika ndi pafupifupi 82 peresenti, pamene za gulu linalo zinatsika ndi 21 peresenti. M'njira imeneyi mwana amayamba ndi thupi ndithu, kuphunzira kupuma ndi kumasula minofu, koma cholinga chake n'chakuti afike ponena nkhani yake, pang'onopang'ono, mpaka aifotokoze kwa munthu wamkulu amene amamukhulupirira. Bungwe la World Health Organization linaika njira imeneyi ndi EMDR patsogolo m'malangizo ake a 2013. Kunena zoona, van der Kolk sakana mawu. Ali ndi mutu wathunthu wa chilankhulo. Koma otsatira ake a pa intaneti anaudumpha, ndipo uthenga umene wafika kuno ndi wakuti kulankhula n'kwachabe. M'dera limene mwana amauzidwa kale kuti akhale chete, uthenga umenewo ndi woopsa.

Tibwerere kwa nswala ija. Imanjenjemera chilombo chitapita. Njira zonse za m'mabukuwa zimayamba ndi mfundo yakuti zoopsa zinatha, ndipo thupi ndilo latsalira m'mbuyo. Koma mlimi wa ku Sinda amene mtima ukumuthamanga mu November chifukwa fetereza sanafike, thupi lake silikunama. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko, ndipo mayi amene ankaona chimanga chikupserera m'munda ali ndi ana oti adyetse sankakumbukira zoopsa zakale. Chilombo chinali pakhomo. Kumuphunzitsa kupuma si kulakwa, ndipo mwina agona bwino usiku umenewo. Koma tisatche galu wa pakhomo wamisala pamene fisi alidi m'khola. Van der Kolk amatchula umphawi m'masamba ake omaliza, mwaulemu, ngati munthu amene wakumbukira akutuluka pakhomo.

Palinso chenjezo la chipatala limene buku lolembedwera ku Boston silingalidziwe. Kugwa, kunjenjemera, kuuma ndi kusokonezeka sizichokera ku chisoni chokha. Ofufuza a University of Zambia ndi anzawo a ku Belgium akhala akugwira ntchito m'midzi ya Katete ndi Sinda kwa zaka zambiri pa nyongolotsi ya nkhumba, ija imapanga masese m'nyama, ndipo anapeza kuti ambiri mwa odwala khunyu amene anawapima anali ndi tizilombo timeneti mu ubongo. Malungo, kuchepa magazi ndi BP nazo zimathamangitsa mtima. Kale munthu wotere ankachedwa kwa sing'anga pouzidwa kuti ndi mizimu. Zingakhale zomvetsa chisoni ngati tsopano achedwa kwa munthu wa satifiketi ya sabata imodzi pouzidwa kuti thupi lake likutulutsa zakale, pamene St Francis ku Katete, imene yakhalapo kuyambira 1948, ndi chipatala cha mishoni cha Nyanje zili pafupi. Lamulo la umoyo wa maganizo la 2019 linalowa m'malo mwa lamulo la atsamunda, ndipo cholinga chake n'chakuti chithandizo chifike kufupi ndi anthu, osati ku Chainama kokha. Chithandizo chikamatsika chotero, funso lakuti ndani ali woyenera kugwira thupi la wodwala limakula.

Ndipo kugwira kumeneko kuli ndi malamulo ake kuno. Mwamuna sangauze mkazi wa mwini kuti atseke maso n'kuika dzanja pamimba, awiriwiri m'chipinda, nkhani osafika kwa ankhoswe. Mayi wachikulire sangagone chagada pamphasa pamaso pa mnyamata wa msinkhu wa mkamwini wake. Amene angachite ntchito imeneyi popanda kukhumudwitsa ndi amayi a mumpingo, anamwino, ndi anamkungwi, amene akhala akuphunzitsa atsikana za thupi kuyambira kalekale. Koma anamkungwi omwewo ndiwo amaphunzitsanso kusunga chinsinsi cha m'nyumba. Aliyense wofuna kugwira nawo ntchito ayenera kukambirana nawo za phunziro limenelo poyamba, ndipo kukambiranako sikudzakhala kwa tsiku limodzi.

Tsiku lina wina adzamasulira bukuli m'Chinyanja, ndipo adzakakamira pa mutu weniweniwo. Chimene thupi limasunga n'chiyani? Akati chipsera, wanena kuti bala linapola. Akati ngongole, wanena kuti wodwalayo ndiye ayenera kubweza. Mawu amene akukwana ndi mlandu, chifukwa mlandu suwola. Koma akangolemba mawu amenewo, wowerenga wa kwa Kawaza kapena kwa Pembamoyo adzafunsa zimene amafunsa pa mlandu uliwonse: wolakwa ndani, aweruza ndani, alipira liti, ndipo alipira kwa yani, kwa mwanayo kapena kwa makolo ake? Womasulirayo adzafufuza m'mutu wa yoga, wa EMDR, wa makina a ubongo ndi wa zisudzo, ndipo adzapeza kuti m'mitu yonseyo woitanidwa ndi wodandaula yekha.